Galu wanga ndi wofatsa, koma makasitomala ena akuima pakhomo

Mayi wina walemba kuti: "Ndili ndi kashopu kokonza mafoni ndi kugulitsa zipangizo zake. Ndimabwera ndi galu wanga kuntchito chifukwa kunyumba kulibe womuyang'anira masana. Ndi wamkazi, wa zaka ziwiri, wolemera makilogalamu 22, ndipo sanalumepo munthu. Amakonda kugona pafupi ndi chitseko. Makasitomala ambiri amamukonda, koma mwezi uno mayi wina anakana kulowa, tinalankhulana iye ali panja, ndipo sanabwerenso. Mwana wina analira galuyo atamununkhiza. Komanso wayamba kuuwa mnyamata amene amatibweretsera katundu m'makatoni. Ndikawauza kuti saluma sizithandiza. Kodi ndisiye kubwera naye?"

Mayi, musafulumire kumusiya kunyumba, koma malo amene akugonawo asinthe mawa lomwe musanatsegule shopu. Pa zonse mwafotokozazi, chimene chalakwika kwambiri ndi pomwe galuyo akukhala. Galu akagona pakhomo, aliyense wofuna kulowa ayenera kuyamba wadutsa pa iye. Munthu wamantha amatsala ndi njira ziwiri, kulumpha chinthu chimene akuchiopa kapena kudzichititsa manyazi popempha kuti muchichotse. Ambiri amangobwerera osanena kanthu. Mayi amene munalankhula naye ali panja uja ndi amene munamuona. Ena amene anasuzumira, n'kuona galu, n'kupitirira, simunawawerenge.

Tiyambe ndi mawu aja akuti "saluma". Mumawanena ndi mtima wabwino, koma taganizirani mmene amamvekera kwa munthu amene waima pakhomo mtima ukugunda. Iye akumva kuti mantha akewo ndi opanda pake, komanso kuti galuyo sachoka. Mwina analumidwapo ali mwana, ndi galu amene mwini wake ankanenanso mawu omwewo. Ndiponso si onse amene akuopa mano. Wina ali ndi mphumu, kapena thupi lake limadana ndi agalu, moti akakhala mphindi zochepa m'chipinda momwe mumakhala galu amayamba kuyetsemula, maso kuyabwa, pachifuwa kubanika. Chimene chimamudwalitsa ndi tinthu tosaoneka tochokera m'malovu ndi pakhungu la galu, timene timamatirira ku ubweya, ku nsalu za mipando ndi m'fumbi. N'chifukwa chake kumeta galu sikuthetsa vutoli, ndipo palibe mtundu wa agalu umene ulibiretu tinthuti. Wina chipembedzo chake chimafuna kuti adziyeretse asanapemphere ngati malovu a galu akhudza thupi kapena chovala chake. Wina wangovala bwino akupita kuntchito. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene ayenera kufotokoza chifukwa chake kuti akonzetse foni.

Komanso "saluma" ndi lonjezo limene mwini galu aliyense sangalisunge. Galu wofatsa amaluma akamva kuwawa, akapondedwa ali mtulo, kapena akapanikizidwa pakona. Choncho m'malo mwa mawu amenewo, uzani munthuyo chimene mukuchita, ndipo chitani asanapemphe: "Pepani amayi, ndimutsekere kaye mkati, mulowe bwinobwino." Musafunse kuti "mukuopa?" makamaka kwa bambo wachikulire pamaso pa anthu ena, chifukwa adzakana, alowe ali njenjenje, ndipo sadzabweranso. Musayesenso kumuchiritsa mantha akewo pomuuza kuti amugwire aone mmene wafatsira. Anabwerera foni, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mphindi khumi zimene ali m'shopu mwanu galu akhoza kudikira.

Nanga galuyo azikhala kuti? Kuseri kwa kauntala kapena m'kachipinda ka kumbuyo, ndipo pakati pa iye ndi makasitomala pakhale chotchinga chenicheni chimene munthu akuchiona ali pakhomo. Kwa galu wa makilogalamu 22, kageti kakhale kotalika mita imodzi kapena kuposerapo. Timageti tambiri topangira ana timakhala ta masentimita 75, ndipo galu wa msinkhu umenewu akadzidzimuka amalumpha mosavuta. Mipata ya pakati pa zitsulo kapena matabwa isapose masentimita 6, kuti mutu wa galu usalowe n'kukanirira. Chotsekera chake chikhale chodzitseka chokha getiyo ikabwerera, chifukwa tsiku lina mudzadutsa manja onse ali ndi katundu. Mphasa yake muiyale pomwe sakuona chitseko cha panja mwachindunji, mamita atatu kuchokera pakhomo ngati malo alipo. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti pakati pa galu ndi msewu pazikhala zotchinga ziwiri, geti ndi chitseko, kuti chimodzi chikasiyidwa chotsegula chinacho chigwire.

Ngati shopu ndi yaing'ono moti palibe poika geti, pezani khola lamawaya. Yezani galuyo kuchokera pamphuno kufika potsinde la mchira muonjezepo masentimita 10, ndipo kutalika kwake ataimirira muonjezeponso 10. Azitha kuimirira, kutembenuka ndi kugona atatambasula miyendo. Phimbani ndi nsalu mbali yoyang'ana kukhomo, mbali zina musiye podutsa mpweya. Asakhalemo maola opitirira atatu kapena anayi osatuluka.

Unyolo ndiye ayi. Anthu ambiri amaganiza kuti kumangirira galu pamwendo wa tebulo kapena pamzati wa pakhonde ndi njira yotetezera makasitomala, koma galu womangirira sangathawe, ndipo galu amene sangathawe amatsala ndi mano okha. Unyolo susonyezanso pamene galu angafike. Mwana amayenda n'kulowa m'dera lake osadziwa, pomwe geti imaletsa onse awiri.

Pali china chimene geti ikutetezereni pa ntchito yanuyi. M'shopu yokonza mafoni mumagwa timasikuluwu, tizidutswa ta mtovu wowotcherera, magalasi osweka ndi mabatire. Batire ya lithium ikalumidwa imatha kutentha kapena kuyaka, ndipo kabatire kozungulira ngati batani kakamezedwa kamawotcha kummero m'maola ochepa chabe. Zimenezo zikachitika thamangani naye kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo, osayesa kumusanzitsa. Mawaya a machaja akhale m'mwamba, ndipo mphasa yake isakhale pansi pa tebulo lomwe mumagwirira ntchito. Ubweya ndi fumbi sizifunikanso pafupi ndi foni yotsegula.

Tsopano za mnyamata wa makatoni uja, chifukwa apa ndi pomwe ndikuona ngozi ikuyandikira. Munthu wonyamula katoni nkhope ndi manja ake zimabisika, amayenda mofulumira, amalowa osaima, n'kugwetsa katundu pansi mwaphokoso. Galu amauwa. Mnyamatayo amasainitsa n'kutuluka. M'mutu mwa galu, kuuwa kwake ndi kumene kwamuthamangitsa, ndipo zikabwerezedwa sabata ndi sabata khalidweli limakhwima. Mukamukalipira, amamva ngati mukuuwa naye limodzi. Mukamumenya, amaphunzira kuti kubwera kwa mnyamatayo kumabweretsa ululu, ndiye amamuda kwambiri.

Choyamba dulani mwambowo. Pemphani mnyamatayo kuti aziimba foni kapena kugogoda asanalowe, ndipo galu azikhala atalowa kale kumbuyo ali ndi chinthu chotafuna. Kenako, masiku amene muli ndi mpata, muphunzitseni pang'onopang'ono. Mnyamatayo aime patali, pomwe galu akumuona koma sakuuwa ndipo akulandirabe chakudya. Galu akakana kudya ndiye kuti mwayandikira kwambiri, onjezani mtunda. Nthawi yonse imene mnyamatayo akuoneka, inu muziponyera galu tizidutswa ta chakudya motsatizana. Akangobisika, chakudya chithenso. Bwerezani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, tsiku limenelo basi. Ulendo wina ayandikire pang'ono, ulendo winanso anyamule katoni yopanda kanthu. Chimene musalole ndi chakuti mnyamatayo azimupatsa chakudya pamanja. Chakudya chimakokera galu wamantha pafupi kuposa pomwe mtima wake ukufuna, ndipo chikatha amapezeka ali pansi pa dzanja la munthu amene amamuopa. Anthu ambiri ofuna kupalana ubwenzi ndi galu amalumidwa pa mphindi imeneyo.

Phunziro limene lidzakuthandizeni tsiku lililonse ndi la mphasa. Sankhani kamphasa kapena bulangete lakale lomwe likhale lake lokha. Dulani chakudya chimene amachikonda kwambiri tizidutswa tating'ono ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, 20 kapena 30 pa ulendo umodzi. Yambani shopu ili yotseka. Galu akangoponda mphasa, nenani "eya" n'kuika kachidutswa pamphasa pomwepo. Kenako ponyani kena kutali kuti achokepo, mudikire abwerere yekha. Akamabwerera yekha kasanu ndi katatu pa maulendo khumi, yambani kunena mawu akuti "pamphasa" asananyamuke, kamodzi kokha. Zikakhazikika, musamupatse kanthu mpaka atagona pansi. Kuchoka apo muzitalikitsa nthawi: masekondi 2, kenako 5, 10, 30, mpaka mphindi imodzi, ndipo pomaliza muzimumasula ndi mawu amodzi omwewo, monga "basi". Nthawi ikakwana mphindi imodzi, yambani kusuntha inu, phazi limodzi kumbuyo, awiri, mpaka mufike pachitseko n'kuchigwira. Pamapeto pake mupeze wokuthandizani azitsegula chitseko ndi kulowa ngati kasitomala.

Ulendo uliwonse ukhale wa mphindi zitatu mpaka zisanu, kawiri kapena katatu patsiku. Akalephera kawiri motsatizana, bwererani pomwe ankakhoza. Zimene zimawononga phunziroli ndi zodziwika: kumuitana achoke pamphasa kuti adzalandire chakudya, zimene zimamuphunzitsa kuti mphoto ili pa kudzuka; kubwereza mawu katatu kanayi mpaka asanduke phokoso; kuonjeza nthawi ndi mtunda tsiku limodzi; ndi kumutumiza pamphasa mwaukali ngati chilango. Tizidutswa timeneti tisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake cha tsiku, ndipo muzichepetsako chamadzulo. Mukalimbikira, pakatha masabata angapo kulira kwa chitseko kudzakhala chizindikiro chopita pamphasa, osati chothamangira kukhomo.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma kuluma kwa galu nthawi zambiri kumaimba, kungoti anthu sitimva. Galu amene sakumasuka amayamba ndi zing'onozing'ono: kunyambita mphuno popanda chakudya, kuyasamula alibe tulo, kutembenuzira mutu kumbali, kupuma wefuwefu kusakutentha. Zikapitirira amachoka pamalopo, amagonetsa makutu kumbuyo, amapanira mchira, ndipo choyera cha diso chimaoneka pomwe akuyang'ana cham'mbali. Chizindikiro choopsa kwambiri chilibe phokoso: thupi lonse kuuma gwa, pakamwa kutseka, maso dwii pa munthu. Mukaona zimenezo musadikire, muitaneni modekha ndipo munthuyo asunthe. Mchira wogwedezeka usakunamizeni. Umangosonyeza kuti galu watengeka mtima. Mchira wofewa wogwedezeka pamodzi ndi chiuno ndi wa chisangalalo, koma wouma, woimirira m'mwamba, wonjenjemera mofulumira, ndi chenjezo.

Ndipo tsiku limene adzadzume, kuja kolirira kukhosi, musamulange. Ndikudziwa kuti zimachititsa manyazi pamaso pa kasitomala, ndipo dzanja limafuna kuthamanga. Koma kudzuma ndi njira yomaliza imene galu ali nayo yonenera kuti "ndisiyeni" asanagwiritse mano. Mukamumenya chifukwa cha zimenezo, mantha ake satha, chimene chimatha ndi chenjezolo, ndipo mumatsala ndi galu woluma mosachenjeza. Muchotseni pamalopo, kenako mufufuze chimene chinamufikitsa pamenepo. Galu wofatsa akasintha mwadzidzidzi, yambani ndi dokotala wa ziweto, chifukwa khutu lotupa, dzino lowola kapena msana wowawa zimasandutsa galu wabwino kukhala waukali.

Za mwana amene analira uja, iye sanalakwe. Kwa mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, galu wanuyo mphuno yake ili pamlingo wa nkhope, n'chifukwa chake ana aang'ono akalumidwa mabala amakhala kawirikawiri kumaso, kumutu ndi m'khosi. Ana amathamanga, amakuwa, amakumbatira m'khosi, zonse zimene zimasokoneza galu. M'shopu mwanu lamulo likhale limodzi: mwana akalowa, galu ali kuseri kwa geti, ngakhale makolo ake atanena kuti kwawo kulinso agalu. Zikachitika kuti wakumana ndi mwana geti ili yotsegula, itanani galuyo kaye. Ngati mwanayo ndi wamkulupo muuzeni aime chilili ngati mtengo, manja apinde pachifuwa, ayang'ane mapazi ake, asathamange.

Okonda agalu nawonso muwayang'anire, mwinanso kuposa amantha. Wamantha amakhala patali. Wokonda agalu amawerama pamwamba pa galu, amamuyang'ana m'maso, amamugwira pamutu kapena kumukumbatira. Wofuna kumupatsa moni ayambe wapempha, aime chammbali, ndipo galu ndi amene abwere kwa iye. Amusisite pachifuwa kapena paphewa masekondi atatu, achotse dzanja. Galu akayandikiranso, apitirize. Akatembenuka kapena kuchoka, moni watha. Akamadya, akamatafuna kanthu kapena akagona, asakhudzidwe ndi aliyense. Musalolenso anthu kumupatsa zakudya za m'zikwama mwawo, chifukwa chokoleti, mphesa ziwisi ndi zouma zomwe, anyezi, ndi chingamu chokhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol zimadwalitsa agalu, zina mpaka kupha.

Pakhomo muike chikwangwani, ndipo mawu ake muwasankhe bwino. "Chenjerani ndi galu" amathamangitsa anthu, komanso amamveka ngati inu mwini mukuvomereza kuti ndi woopsa. Lembani zoona zake: "M'shopu muno muli galu, amakhala kuseri kwa geti. Mukafuna timutsekere kwina, tiuzeni kapena gogodani." Zilembo zikhale zazikulu zowerengeka munthu asanagwire chitseko. Kwa amene ali ndi mphumu, kutsekera galu sikukwanira chifukwa tinthu tija timatsala m'chipinda, choncho khalani okonzeka kulandirira foni pakhomo ndi ulemu wonse. Pansi muzikolopa ndi nsalu yonyowa tsiku lililonse m'malo mosesa pouma, zogonera zake muzichapa sabata iliyonse ndi madzi otentha, ndipo kupesa ubweya kuzichitikira panja. Ngati muli ndi wantchito, mufunseni pa awiri mmene amamvera za galuyu, chifukwa wolembedwa ntchito sakonda kudandaula za chiweto cha abwana ake. Ndipo pakabwera munthu wosaona amene akutsogoleredwa ndi galu wophunzitsidwa ntchito imeneyo, wanuyo alowe kumbuyo nthawi yomweyo. M'mayiko ambiri lamulo limalola agalu oterowo kulowa m'malo a malonda, ndipo sayenera kusokonezedwa ali pa ntchito.

Galu amene wayenda ndi kupuma mokwanira savuta. Muyende naye mphindi 30 mpaka 45 musanatsegule, muzimutulutsa kukadzithandiza maola atatu kapena anayi aliwonse, ndipo madzi asamathe m'mbale yake. Pa thupi lakelo amamwa lita imodzi ndi kachigawo patsiku, kukatentha kuposa apo. Galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 patsiku, ndipo wogona pakhomo amadzutsidwa ndi aliyense wolowa. N'kutheka kuti kuuwa kumene kwayambaku kukuchokeranso ku kutopa. Popeza ndi wamkazi, ngati sanatsekedwe kubereka kumbukirani kuti pafupifupi kawiri pachaka, kwa masabata awiri kapena atatu, amakhala pa nyengo yofuna amuna, ndipo agalu achilendo adzasonkhana pakhomo panu. Masiku amenewo asabwere kushopu.

Katemera wa chiwewe asadutse tsiku lake. Amabayidwa koyamba galu akakwana miyezi itatu, kenako pakatha chaka, ndipo kuchoka apo chaka chilichonse kapena zaka zitatu zilizonse malinga ndi mtundu wa katemerayo ndi lamulo la dziko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Munthu amene akuopa galu wosamudziwa ali ndi chifukwa chomveka. Khadi la katemera, kapena chithunzi chake, lizikhala m'dilowa ya m'shopu. Mankhwala a njoka za m'mimba azilandira miyezi itatu iliyonse, ndipo a utitiri ndi nkhupakupa motsatira malangizo a dokotala wa ziweto.

Ngati tsiku lina munthu walumidwa kapena kukalidwa mpaka khungu kuchekeka, tsekerani galu, ndipo balalo litsukidwe ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, moyang'ana wotchi. Pakani ayodini kapena spiriti ngati alipo, ndipo munthuyo apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono. Muperekezeni, mutenge khadi la katemera, musayambe kukangana za amene walakwa. Galuyo amayang'aniridwa masiku 10, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo kuti akaonane ndi achipatala. Lembani tsiku, nthawi ndi mmene zinachitikira. Zonsezi zisanachitike, funsani mwini nyumba ngati pangano lanu la lendi limalola ziweto, funsani ku khonsolo za malamulo a agalu m'malo a malonda, ndipo ngati muli ndi inshuwalansi afunseni akulembereni ngati imalipira munthu wolumidwa, chifukwa zina sizilipira. Kwa owerenga ena amene bizinesi yawo ndi yophika kapena kugulitsa zakudya, malamulo a zaumoyo m'malo ambiri salola galu kufika komwe chakudya chimakonzedwa, ndiye yambani mwafunsa zimenezo.

Ikani geti, yambani phunziro la mphasa, ndipo mudzipatse masabata asanu ndi limodzi. Akatha, muyang'ane galuyo moona mtima. Ngati amagona tulo tenitweni chitseko chikutseguka, amadya bwino kushopu, ndipo amauwa kamodzi kapena kawiri n'kukhala chete mukamuuza, pitirizani kubwera naye. Koma ngati amakhala tcheru tsiku lonse, akuzungulirazungulira kuseri kwa geti, akukana chakudya, kapena wafika podzuma ndi kulumpha kufuna kugwira munthu, ndiye kuti shopu yamukanika, ndipo kumukakamiza n'kumuzunza. Pamenepo muyeseni theka la tsiku, maola amene kumabwera anthu ochepa, kapena mupeze munthu woti azimutulutsa masana kunyumba, ndipo muonane ndi dokotala wa ziweto kapena katswiri wa khalidwe la agalu amene saphunzitsa ndi ndodo. Mayi amene sanabwerenso uja, ngati anasiya nambala yake pokonzetsa foni, muimbireni geti ikaikidwa, mumupepese, mumuuze kuti galu sakhalanso pakhomo.